Gasi, petulo kapena hybrid: galimoto ya mu Lilongwe iziyendera chiyani?

Nkhaniyi inabuka usiku wina tili pamzere wa mafuta ku Kanengo. Mainjini tinali titazimitsa kalekale, ena atagona m'magalimoto, pamene bambo wina wa Probox amene anali patsogolo panga anati watopa, akufuna galimoto yake iziyendera gasi ngati mmene akuchitira ku Dar es Salaam. Anthu anamuunjirira. Kuyambira pamenepo funso lomweli ndalimva ku Biwi, ku Area 25, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndipo nane landikhudza chifukwa Sienta yanga ndiyo imadyetsa ana kunyumba.

Poyamba tisiyanitse magasi awiri amene anthu akuwasokoneza. Ku Dar es Salaam ambiri akuyendera CNG, gasi amene Tanzania imatulutsa yokha pansi pa nthaka kumalo ngati Songo Songo, nkumupanikiza mpaka 200 bar m'mathanki olemera. Ife kuno tilibe chitsime kapena paipi ya gasi ameneyo. Amene tili naye ndi LPG, yemwe uja wophikira, wosakaniza propane ndi butane. Ameneyu ndiye amayendetsa magalimoto ambirimbiri ku Turkey, Poland ndi South Korea. Zipangizo za CNG ndi za LPG sizilowana, ndiye musaitanitse katundu musanadziwe kuti ndi wa gasi uti.

Posintha galimoto, petulo sachotsedwa ayi. Amangowonjezera thanki yachiwiri, kawirikawiri yobulungira ngati tayala, imene imakhala pamalo a sipeya. Gasi amachoka m'menemo ali wamadzimadzi, nkufika pa kachipangizo kotchedwa reducer kamene kamatenthedwa ndi madzi a mu rediyeta, ndipo apa ndi pamene amasanduka mpweya wolowa mu injini. Nchifukwa chake m'mawa galimoto imalizidwa ndi petulo, injini ikafunda nkusinthira yokha ku gasi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife. Ngati ulendo wanu ndi wongochoka ku Area 18 kupita ku Capital Hill, gawo lalikulu la njirayo mudzakhala mukuwotchabe petulo, makamaka mu June ndi July kukamazizira. Ndipo thanki ya petulo ikauma kotheratu, musayembekeze kuti gasi akupulumutsani m'mawa uliwonse.

Tsopano masamu, pakuti apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Lita ya gasi ili ndi mphamvu yochepa kuposa lita ya petulo, moti galimoto imamwa malita ochulukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuyandikira pamenepo. Koma kuno gasi timagula pa kilo, osati pa lita. Kilo imodzi ndi malita ochepera pang'ono awiri, ndipo imagwira ntchito ya petulo wokwana pafupifupi lita imodzi ndi theka. Ndiye tengani mitengo imene MERA yalengeza, muchulukitse mtengo wa lita ya petulo ndi 1.5. Ngati kilo ya gasi ikutsikirapo pa nambala imeneyo, mukupulumutsa. Ngati ikufanana kapena kupitirira, ndalama yogulira zipangizo sidzabwerera. Sindikulemba mitengo pano dala, chifukwa ikusintha msanga kuposa mmene munthu angasungire ndalama yosinthira galimoto.

Tiyerekeze Sienta yoyenda makilomita 150 pa tsiku, yomwa lita imodzi pa makilomita 12. Imeneyo ikufuna malita 12 ndi theka a petulo, kapena makilo asanu ndi atatu ndi kachidutswa a gasi. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiko phindu lanu la tsiku limodzi. Gawani mtengo wa zipangizo ndi wa makaniko ndi phindu limenelo, mupeza masiku amene mudikire. Wa takisi akhoza kubweza msanga. Amayi oyenda makilomita 20 pa tsiku kukasiya ana kusukulu adzadikira zaka.

Chimene chimandivutitsa kwambiri si masamuwa, koma komwetsera. Thanki ya galimoto imafuna pampu yakeyake, yokhala ndi kukamwa kolumikiza molimba, ndipo imadzazidwa mpaka 80 peresenti basi kuti gasi apeze malo ofufumira kukatentha. Thanki ya malita 40 ndiye kuti imalowa malita 32. Sikelo imene amadzazira masilinda ophikira si pampu ya galimoto. Musanapereke ngakhale tambala, pitani mukaone ndi maso anu pamene muzikamwetsa, mufunsenso ngati ali ndi chilolezo cha MERA. Ndipo tisaiwale kuti gasi nayenso amachokera kunja, amagulidwa ndi madola omwewo amene akusowetsa petulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sinasankhe kuti ikweze chiti. Ubwino weniweni wa gasi ndi woti muli ndi mathanki awiri, ndipo sikawirikawiri kuti zonse zisowe tsiku limodzi.

Pali njira ina imene ndikupempha ndi mtima wonse kuti tiisiye: kutenga silinda ya kukhitchini, kuigoneka m'buti nkulumikiza ndi paipi ya mbaula. Silinda imeneyo inapangidwa kuti iziima chilili nkumatulutsa mpweya pamwamba. Ilibe valavu yodzitsekera yokha paipi ikaduka, ndiponso ilibe pomangirira kuti isagubuduke pa mabampu. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, sauluka, amakhuthukira pansi nkudikha m'buti ngati madzi. Kamoto kochepa ka waya wa nyali nkokwanira. Mu Sienta buti ndi mipando ndi chipinda chimodzi, ndipo kumbuyoko kumakhala ana a anthu. Zipangizo zenizeni za galimoto zimakhala ndi chidindo cha 67R, ndipo thanki imalembedwa chaka chimene inapangidwa. Ikapitirira zaka khumi, isiyeni ngakhale iwale bwanji.

Si injini iliyonse imene imalola. Za mtundu wa 1NZ-FE, zimene zili mu Probox ndi Sienta zambiri, sizivuta kulumikiza. Koma zolembedwa D-4, GDI kapena TSI, zimene zimapopera petulo mwachindunji m'kati mwa injini, zimafuna zipangizo zodula ndipo zambiri zimamwabe petulo pang'ono nthawi zonse. Gasi ndi wouma ndiponso amayaka motentha, choncho mavalavu a injini zina amadyeka msanga ngati simuikapo kabotolo ka mafuta owateteza. Kumbali yabwino, oyilo amachedwa kuda ndipo utsi umachepa.

Nanga hybrid, galimoto yoyendera petulo ndi magetsi a batire pamodzi? Kwa munthu woyenda m'tauni muno, ine ndimaikonda kuposa gasi. Aqua kapena Prius imapulumutsa kwambiri pamalo omwe aja amatipweteka tonse, pa mzere wa magalimoto wa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe madzulo, chifukwa ikaima injini imazima ndipo mabuleki amabwezera magetsi mu batire. Simufuna pampu yachilendo, sipeya imakhala pamalo ake ngati inabwera nayo, ndipo mafuta a thanki imodzi amakufikitsani kutali, kutanthauza kuti mausiku a pamzere amachepa. Koma kumeneku ndi kugula galimoto ina, osati kukonza imene muli nayo. Aqua ndi yotsika, misewu ya fumbi ya kwa Mtandire kapena Chinsapo nthawi ya dzinja imaikhula pansi. Batire lake likatopa ndi ndalama yambiri, ndipo fumbi lathuli limatseka kafani koziziritsa batirelo ngati simukatsuka. Pa M1 mukathamanga ulendo wa ku Mzuzu, phindu lake limachepa.

Kukhalabe pa petulo nayo ndi njira. Mapulagi abwino, air filter yoyera ndi mpweya wokwanira m'matayala zimatsitsa kamwedwe, ndipo petulo wathu ali kale ndi kagawo ka ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Amene wasankha Mira ya 660cc wathetsa theka la vuto popanda kuboola chilichonse.

Bambo wa Probox uja ndikanamuuza chonchi: achimwene, inu mumayenda ulendo wautali tsiku lililonse, injini yanu imalola, ndiye gasi angakuthandizeni, koma pokhapokha mutapeza pomwetsera povomerezeka ndi makaniko amene angakuonetseni galimoto imene anaisintha kale ikuyenda. Mukafunsenso ku Road Traffic za COF ndi blue book, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse mwa kalata musanaboole thupi la galimoto. Ine Sienta yanga ndaisiya pa petulo, ndipo ndalama imene ndinkasungira zipangizo ndayamba kuiwonjezera kuti ndidzagule Sienta ya hybrid.