Holder ya chitsulo ndi neti ya ma kicker, patha miyezi 8 mwana wanga akumenyerapo

Mwana wanga wamwamuna wakula akusewera mpira wamiyendo, football ya kuno ku America ankangoionera pa TV basi. Nde chaka chatha kochi wa timu ya pa high school yawo kuno ku Indiana anamuona akumenya mpira patali pa ground, anamuitana n'kumuuza kuti mwendo umenewo ukufunika kwathu kuno, bwera udzayese kukhala kicker. Mwana anafika kunyumba mtima uli m'mwamba, adadi mundigulire holder ndi neti kuti ndiziyeserera ndekha. Ndinagula pa intaneti zonse ziwiri pamodzi, makampani opanga zimenezi ndi ambiri ndipo maonekedwe ake ndi amodzimodzi, ndalama yake sinafike n'komwe pa ya jombo zabwino za mpira. Pano papita miyezi 8, zadutsa mu dzuwa, mu mvula mpaka mu snow, nde ndati ndiwauze makolo anzanga amene ana awo akopeka ndi udindo umenewu kuti zatiyendera bwanji.

Kwa amene masewerawa simuwatsata kaye ndifotokoze, chifukwa popanda izi simungamvetse kuti kachitsuloka ntchito yake n'chiyani. Field goal ndi mapointi atatu ndipo imafuna anthu atatu. Long snapper amaponya mpira chakumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake mayadi 7 kapena 8, holder amakhala atagwada bondo limodzi, amauwakha n'kuuimika chansonga pansi, zingwe zoyera zija azitembenuzire kumagolo, kenako kicker amenye mpira udutse pamwamba pa mtanda umene uli mafiti 10 kuchokera pansi komanso pakati pa mitengo iwiri ija. Zonsezi kwa akatswiri zimatha mu masekondi 1.3 kapena pafupi pamenepo. Nde kachitsulo ndikunenaka kamalowa m'malo mwa munthu wogwada uja, kali ndi miyendo iwiri yoima pansi ndi kamkono kamodzi kotsamira pa nsonga ya mpira kuti usagwe. Kamapindika n'kulowa mu chikwama cha sukulu, kopepuka zedi.

Ubwino wake woyamba, komanso waukulu kwambiri kwa ine, ndi woti mwana safunikanso kupempha munthu. Kicker ndi munthu amene amayeserera yekhayekha, anzake akamagundana uko pa training iye amakhala kumbali ndi mipira yake. Tisanagule ndinkagwada ndine madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo masiku amene ndachedwa ndiye kuti palibe choyeserera. Pano amanyamula mipira inayi, holder m'chikwama, ulendo wa ku ground. Masitepe atatu kumbuyo, awiri kumbali, kumenya, kukatola, kuimikanso, mobwerezabwereza mpaka mwendo uzolowere. Ndipo kamkono kaja sikapanikiza mpira kwambiri, mpira umachoka bwinobwino osakodwa, chimene ndinkaopa poyamba kuti mwina phazi lizigunda chitsulo, ayi sizinachitikepo olo kamodzi bola waimika kumbali yoyenera. Mwana wanga amamenya ndi lamanja nde kachitsulo kamakhala mbali imene holder weniweni angagwade.

Kubwereza kumeneku ndi kumene kunapanga munthu amene kuno ku Indiana aliyense amamudziwa, Adam Vinatieri. Mkuluyu anakulira ku South Dakota, anasewera ku South Dakota State, koma pa draft, pamene ma timu a NFL (ligi yaikulu ya football kuno) amasankha osewera ochokera ku koleji, palibe timu imene inamutenga, mpaka anakayamba wasewera ku Europe ku Amsterdam Admirals, kenako New England Patriots n'kumutenga mu 1996. Mu January 2002 pa gemu ya playoff ndi Oakland Raiders snow inali kugwa yosaona n'komwe mizere ya pa ground, Patriots ikutsalira ndi mapointi atatu nthawi itangotsala pang'ono kutha, iye anamenya ya mayadi 45 mpira wotsika koma unadutsa, gemu n'kupita ku overtime, kumeneko anamenyanso ina ya mayadi 23 n'kuwina 16-13. Patangotha masabata awiri ku New Orleans pa Super Bowl, fainolo ya NFL, anamenya ya mayadi 48 nthawi ikutha, St. Louis Rams n'kugonja 20-17. Mu 2004 anachitanso zomwezo kwa Carolina Panthers, mayadi 41, 32-29. Mu 2006 anabwera ku Indianapolis Colts n'kuwinanso Super Bowl ina, ya chinayi kwa iye, ndipo anasewera mpaka sizoni ya 2019 ali ndi zaka zoposa 45. Masizoni 24, mapointi 2,673, ma field goal 599, palibe anafikapo pamenepo mu NFL. Ine ndikamaona mwana wanga akutola mipira yekha kukuzizira ndimakumbuka kuti munthu ameneyu anayamba ngati wosafunidwa ndi aliyense, ndipo ma timu a NFL alipo 32 okha, iliyonse kawirikawiri imasunga kicker mmodzi basi, nde malo ake ndi ochepa koopsa, ukaphonya ziwiri zitatu motsatizana Lachiwiri amaitana ena kudzayesedwa.

Tsopano zovuta zake, chifukwa zilipo. Mphepo ikangolimba pang'ono mpira umagwa iwe uli pakati pa masitepe, zimakwiyitsa ndipo zimaononga kaganizidwe ka mwana, kupepuka komwe ndayamikira kuja ndi kumenenso kumabweretsa vutoli. Ife tinachita kumangirira kathumba ka mchenga pa mwendo umodzi ndipo zinachepa. Chachiwiri kalabala kakumapeto kwa mkono kanavuka patangotha miyezi itatu, kanatayika mu udzu, ndipo popanda iko chitsulo chimaterereka pa chikopa cha mpira makamaka kukanyowa, tinakulungapo tepi yakuda mpaka lero ilipo. Chachitatu, ndipo ichi onetsetsani musanagule, ku high school malamulo amalola kumenyera field goal pa kablock kokweza mpira mpaka mainchesi awiri, pomwe ku koleji ndi ku NFL mpira umakhala pansi penipeni. Holder yathuyi pansi imagwira bwino kwambiri koma ukaika mpira pa block ya mainchesi awiri kamkono kamaperewera, mpira umapendekeka chakumbuyo kuposa mmene ukufunira. Zilipo zina zimene mkono wake umatalikitsidwa, ndikanadziwa ndikanagula imeneyo olo ndionjezere ndalama.

Koma vuto lenileni si la chitsulo ayi, ndi zimene chitsulo chimamuphunzitsa mwana mosadziwa. Kachitsulo sikafulumira, mpira umangokhala phee kudikira iwe, zingwe zili kale kutsogolo, ungathe kupuma kawiri, kuyang'ana mitengo, kuyang'ananso pansi. Pa gemu zimenezo kulibe. Kicker amayamba kuyenda mpira usanaimikidwe, amaloza phazi pamalo pomwe palibe kanthu ndi chikhulupiriro choti mnzake auika pomwepo nthawi yake. Gemu yoyamba ya mwana wanga, anzake atagoletsa touchdown, kufika ndi mpira kumapeto kwa ground, iye analowa kukamenya ka pointi imodzi koonjezera kamene amati extra point, anadikira kuti aone mpira utakhazikika kaye ngati mmene anazolowera, kamphindi kochepa komweko a timu ina anali atafika kale n'kuutchinga. Tili mu galimoto pobwerera sanayankhule mpaka pafupi ndi kunyumba, kenako anangoti adadi ndinachedwa eti. Ndinamuuza kuti eya unachedwa koma mwendo wako unali bwino, mawa tiyambe kuyeserera ndi munthu. Kuyambira pamenepo masiku awiri pa sabata amakumana ndi snapper ndi holder wa timu yawo, ine ndili ndi foni kuwerenga nthawi, kachitsulo n'kukhala ka masiku enawo. Zinasintha kwambiri.

Usiku umenewo ndinamufotokozera za Gary Anderson. Mkulu ameneyu anabadwira ku South Africa ndipo nayenso anayambira mpira wamiyendo. Mu sizoni ya 1998 ali ku Minnesota Vikings sanaphonye olo imodzi, ma field goal 35 pa 35, ma extra point 59 pa 59, timu inawina magemu 15 kuluza imodzi yokha. Nde mu January 1999 pa gemu yolowera ku Super Bowl ndi Atlanta Falcons, Vikings ikutsogola 27-20 kutatsala mphindi ziwiri zokha, anamupatsa ya mayadi 38 yoti ikanatseka nkhani yonse, mpira unadutsa kumanzere kwa mtengo pang'ono pokha. Falcons inabweza, ku overtime kicker wa Falcons Morten Andersen wa ku Denmark anamenya yake ya mayadi 38 omwewo n'kulowa, 30-27. Anderson anasewera masizoni 23 n'kupeza mapointi 2,434 koma anthu ambiri ukatchula dzina lake amangokumbuka imodzi imeneyo, zimandipweteka mtima ndikaganiza. Chimodzimodzi Scott Norwood wa Buffalo Bills, ya mayadi 47 inapita kumanja pa Super Bowl ya mu January 1991 n'kuluza 20-19 kwa New York Giants. Nde mwana akafuna udindo umenewu kholo lidziwe kuti akulowa pamalo poti gemu yonse atha kulowa katatu kokha mu ground koma mlandu wonse n'kugwera iye, ndipo palibe holder ya chitsulo imene ingamukonzekeretse phokoso la anthu kapena kochi wa timu ina kupempha timeout dala kuti aime pamenepo akuganiza.

Neti sinditaya nayo nthawi yambiri. Ndi yofanana ndi zimene mumaona ma kicker akumenyeramo m'mbali mwa ground pa TV, kungoti yathuyi ndi yopepukirapo. Kumanga kumatenga mphindi zisanu ukazolowera, tsiku loyamba zinatitengera nthawi chifukwa kapepala ka malangizo kanali ndi zithunzi zosaoneka bwino. Imagwira mpira bwino, ulusi wake sunadukepo mpaka pano ngakhale akumenya mwamphamvu, ndipo nthawi ya snow inatipulumutsa chifukwa tinaiika mu galaja galimoto n'kutulutsa panja. Zipi ya chikwama chake inafa mwezi wachiwiri, ndipo panja pa udzu imafunika zikhomo apo ayi imasuntha ukamenya kangapo. Chomwe muyenera kudziwa ndi choti neti siikuuza ngati mpira ukanalowa, umagwidwa utangoyenda mayadi awiri atatu, nde mpira woti ukanakhota n'kupita kumanzere umaoneka ngati wabwino. Ndi yotenthetsera mwendo komanso kumva kagundidwe ka phazi, osati yoyezera kulunjika. Mitengo ya ku high school ndi yotakasuka, mafiti 23 ndi mainchesi 4, pomwe ku koleji ndi NFL ndi mafiti 18 ndi mainchesi 6, nde mwana amene akufuna kupita patali azipita pa mitengo yeniyeni n'kumaloza pakati penipeni osakhutira ndi kungolowa.

Ena amandifunsa kuti mwana wa mpira wamiyendo angakwanitsedi? Angakwanitse ndithu, ndipotu kamenyedwe kamene aliyense akugwiritsa ntchito lero kanachokera komweko. Kale ma kicker ankabwera molunjika n'kumenya ndi chala, monga Tom Dempsey amene anabadwa wopanda zala za phazi lamanja koma anamenya ya mayadi 63 mu 1970, kapena Mark Moseley amene anasankhidwa MVP, wosewera wopambana onse, wa ligi yonse mu 1982. Pete Gogolak wobadwira ku Hungary ndi amene anabweretsa kobwera chambali n'kumenya ndi pamwamba pa phazi atalowa Buffalo Bills mu 1964, ndipo pano mu NFL palibenso amamenya ndi chala. Brandon Aubrey ankasewera mpira wamiyendo ku Notre Dame konkuno ku Indiana, Toronto FC inamutenga mu 2017, zitakanika anakagwira ntchito ya makompyuta kwinaku akuyeserera kumenya, mpaka mu 2023 Dallas Cowboys inamutenga n'kukhala mmodzi wa ma kicker oopsa mu ligi. Kungoti mpira uwu ndi wosongoka, pogunda pabwino ndi pang'ono chabe mmunsi mwa pakati, ndipo umafunika kukwera msanga kuti udutse manja a anthu ataliatali amene akudumpha kutsogolo kwako, zimenezi ndi zimene mwana wanga anavutika nazo kwambiri miyezi iwiri yoyamba ndipo apa kachitsulo kanathandiza zedi chifukwa mpira umakhala chimodzimodzi nthawi zonse nde cholakwika chimaoneka msanga kuti chili pa phazi loponda kapena pa lomenya.

Pa nyenyezi zisanu holder ndikuipatsa zinayi, neti zitatu. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha gulani holder, ya mkono wotalikitsika, ndipo muonjezere mipira yachikopa olo iwiri yofanana ndi imene amaseweretsa pa gemu chifukwa ya labala imauluka mosiyana. Muikirenso malire a kuchuluka kwa mipira pa tsiku, wanga atangoyamba ankamenya mpaka mdima ndipo ntchafu inayamba kumuwawa mkati mpaka anapuma masabata awiri, pano kochi anamuikira nambala yoti asapitirire. Chilimwe chino wayamba kusiya block ija kuti azolowere kumenyera pansi ngati ku koleji, ndipo pamenepo holder yathu yomweyi ya tepi yakuda ikugwira bwino, nde sitigula ina mpaka itathyoka.