Ma kuhli loach akamabisala: kuwachotsera pobisala kapena kuwawonjezera?

Anzanga oweta nsomba m'nyumba, amene munagulapo ma kuhli loach, tinsomba tija towonda ngati nyongolotsi tokhala pansi pa madzi, mukudziwa zimene zimachitika. Mwawathira mu thanki madzulo, kukacha mulibe ndi imodzi yomwe yooneka. Kuno ku Lusaka ndaona njira ziwiri zimene anthu amalimbanira ndi manyazi a tinsomba timeneti, ndipo zonse ndaziyang'anitsitsa.

Yoyamba ndi ya mnzanga wina wa ku Chilenje. Thanki yake ndi yoyera mbee: timiyala pansi, getsi lowala kwambiri, ma loach awiri okha, popanda kanthu koti alowemo. Iye amati nsomba ikasowa kothawira uziiona basi. Kuoneka zimaonekadi, koma zitapanikizana kuseri kwa hita yofunditsira madzi, kapena zikukwera ndi kutsika pagalasi ngati zikufuna khomo. Ubwino wake ndi umodzi, thanki yotere siivuta kutsuka. Koma timiyala takuthwa timaononga ndevu zimene nsombazi zimafufuzira chakudya, komanso khungu lawo ndi lofewa, mamba ake ndi aang'ono zedi. Zimandimvetsa chisoni ndikaziona zili choncho.

Yachiwiri ndi imene ine ndinasankha, ndipo poyamba imaoneka ngati yobwerera m'mbuyo: kuwapatsa pobisala pambiri. Kumbukirani kwawo. Nsombazi zimachokera ku Indonesia ndi Malaysia, m'timitsinje toyenda pang'onopang'ono ta m'nkhalango, momwe pansi pamakhala mchenga ndi masamba ogwa, dzuwa silifika kwenikweni. Zimadya usiku. Kanyama kowonda ngati nyongolotsi, kotalika masentimita 8 mpaka 10, sikangayende poyera ngati sikakuona dzenje pafupi.

Ndiye ndinayala mchenga wosalala, nditautsuka mpaka madzi kuyera. Ndinaikamo chigoba cha kokonati, tizidutswa ta mapaipi a pulasitiki, chikuni ndi masamba ouma angapo, pamwamba n'kusiya zomera zoyandama kuti zichepetse kuwala. Chachikulu pa zonse, ndinawonjezera nsombazo kuchoka pa 3 kufika pa 8. Apa ndi pamene zinthu zinasintha. Zikakhala ziwiri kapena zitatu zimangokhala mwamantha, koma kuyambira 6 kupita m'tsogolo zimalimba mtima. Zanga zimaunjikana mu chigoba chimodzi, mitu itasuzumira kunja, ina n'kumakumba mchenga ndi kukamwa n'kumautulutsira m'makha. Pa timiyala zimenezi simungazione.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, sindibisa. Nsomba 8 si ndalama ya nsomba ziwiri, thanki iyenera kukhala ya malita 75 kapena kuposa, ndipo zinyalala zimakhala pamwamba pa mchenga, mumafunika kuzikoka pafupipafupi. Kuziwerenga nakonso kumavuta, pena sabata imatha musanazione zonse pamodzi.

Pali zina zimene sizisankha njira. Madzi a m'mijigo yambiri ya mu Lusaka ndi olimba, ndiye kuti ali ndi laimu wambiri wosungunuka, chifukwa mzindawu unakhala pa miyala ya laimu, pomwe nsombazi zimakonda madzi ofewa. Zimazolowera, bola musasinthe madzi ambiri nthawi imodzi. Zimafunanso madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, magetsi akazima usiku, ine ndimafunditsa thanki bulangete. Ndipo mangani kasiponji pakamwa pa paipi ya sefa, chivundikiro chikhale chotseka bwino, chifukwa tinsomba timeneti timalowa paliponse pamene mutu wakwana.

Mukandifunsa ine, njira yachiwiri ndiyo yoyenera, ngakhale imafuna kudekha kwa masabata angapo. Chakudya chomira pansi ndimaponya nditangozimitsa getsi la thanki, cha m'ma 19 koloko, n'kukhala phee pampando nyali ya pabalaza yokha ikuyaka. Sipapita mphindi zambiri, kamutu koyamba kamatuluka pansi pa tsamba, anzake n'kumatsatira.