Tsamba, kamwana kapena kudula mutu: njira iti yochulukitsira echeveria kuno ku Lusaka?

Amene munagulako echeveria, kaya kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu kapena pamsika wa kutchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga, mukudziwa kuti kaduwa kamodzi sikakhalitsa musanayambe kulakalaka khonde lonse litadzaza. Njira zochulukitsira zilipo zinayi: kuthothola tsamba, kuchotsa tiana tophuka m'mbali mwa make, kudula mutu, ndi kufesa njere. Zonsezo zimatheka, koma sizifanana ayi, ndipo nyengo ya kuno imakondera. Ine ndinenerepo poyambirira pomwe kuti kamwana kamaposa zonse, ndipo tsamba limene aliyense amathamangira lija ndi lachitatu.

Duwali kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo a ku Central America, makamaka kumapiri kouma, ndipo mitundu yake yakutchire ilipo pafupifupi 150, osawerengera ya haibulidi, yopangidwa pokwatitsa mitundu iwiri, imene yadzaza m'manazale. Ndi la banja limodzi ndi kalanchoe. Madzi limasunga m'masamba ake onenepawo, n'chifukwa chake chidutswa chake chimatha kukhala masabata angapo popanda muzu osafa. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, usiku kumazizira bwino, masana dzuwa lilipo, ndiye kwa miyezi yambiri duwali limakhala ngati lili kwawo. Chovuta ndi mvula yathu. Mamilimita pafupifupi 800 a chaka chonse amakhuthukira m'miyezi ya Novembala mpaka Malichi, ndipo chomera chokhala ndi bala chikakumana ndi mvumbi wa Januwale chimawola. Njira zitatu zoyambazo zonse zimayamba ndi bala. Kusiyana kwake kwagona pa kukula kwa balalo ndi nthawi imene chomeracho chikhale chopanda mizu.

Tsamba ndi limene limatchuka pa Facebook, ndipo m'pomveka. Thireyi yodzaza masamba, lililonse litatulutsa timizu tofiirira ndi kaduwa kakang'onong'ono kuphata, imaoneka bwino pachithunzi. Ubwino wake weniweni ndi kuchuluka: duwa limodzi lalikulu lingakupatseni masamba asanu kapena kuposa pamenepo osaoneka kuti lapunguka. Komanso n'kosavuta kupempha. Amayi a nyumba yoyandikana nanu sangakupatseni mphika wonse, koma mukati "Amayi, ndithotholeko tsamba limodzi," sakana.

Kathotholedwe kake ndi kamene ambiri amaphonya. Sankhani tsamba la m'munsi, lokhwima ndi lonenepa, osati lofota kale. Ligwireni pafupi ndi tsinde, muligwedeze pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka lithothoke lokha ndi phata lake lonse. Mukayang'ana kuphatako muone kabala koyera, kosalala, kopindika pang'ono monga mmene linakumbatirira tsinde. Pamenepo m'pamene pamachokera mphukira. Tsamba likang'ambika, kachidutswa n'kutsala pa tsinde, litayeni; nthawi zambiri lotero limangonyala. Mukatero liikeni pamthunzi masiku atatu kapena asanu kuti bala liume, kenako muligoneke pamwamba pa dothi louma. Osalikwirira, osalithirira. Mizu imayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kupitirira, ndipo m'pamene mumayamba kunyowetsa dothi pang'ono pafupi ndi mizuyo. Tsamba lalikulu lija ndi limene likudyetsa kamwanako, ndiye lisiyeni lifote lokha mpaka liume gwa.

Zimene zithunzi zija sizionetsa ndi zimene zimachitika pambuyo pake. Masamba ena amatulutsa mizu yokhayokha, kaduwa osabwera. Ena amasanduka achikasu, n'kufewa, n'kuwola. Amene aphuka amakula mwaulesi, moti kuti mupeze duwa lodzaza chikhatho muyembekeza chaka, mwinanso kuposa. M'chaka chimenecho kanthuko kayenera kupulumuka mphepo ya Ogasiti imene imaulutsa masamba m'thireyi, dzuwa la Okutobala limene limawaphika tsiku limodzi lokha, nkhuku ngati mumaweta, ndi ana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano kudekha kokhako sikukwanira, pamafunikanso malo amene palibe angawasokoneze kwa miyezi.

Mtundu nawo uli ndi mbali yake. 'Perle von Nürnberg', lotuwira mofiirira lija, ndi 'Black Prince' amaphuka bwino ndi tsamba. Maluwa akuluakulu a masamba opotanapotana m'mphepete, ochokera ku Echeveria gibbiflora, amavuta kwambiri. Amawangamawanga oyera ndi obiriwira amakonda kutaya mawanga: kamwana kamatuluka kobiriwira kokhakokha, kapena koyera mbuu kamene kamafa tsamba lalikulu likangotha. Ndiponso dziwani kuti pali m'bale wake wina, Graptopetalum paraguayense, amene ambiri amamusokoneza ndi echeveria. Ameneyo tsamba lake likangogwa pansi limamera lokha. Mnzanu akamadzitama kuti kwake tsamba lililonse limaphuka, kaoneni kaye chimene wadzala.

Tiana ndi nkhani ina. Echeveria yokhwima imaphukira tina m'mbali, pansi pa masamba ake, ndipo ntchito yanu ndi yomwe timachita ndi nthochi: kudikira mwana akule, kumupatula, kumuwokera payekha. Kamwana kakafika kukula kwa chitsekerero cha botolo la Fanta kapena kuposerapo, masentimita atatu, kamakhala kale duwa lathunthu, ndipo kawirikawiri kamakhala katayamba timizu take. Tengani lezala, mulipukute ndi spiriti, mudule kachingwe kolumikiza kamwanako ndi make, mukusiyako kachitsinde pang'ono. Kaumitseni pamthunzi masiku awiri kapena atatu, mukadzale m'dothi louma, mudikire sabata musanathirire. Basi. Pakatha mwezi mukakagwedeza mumamva kuti kagwira.

Bala lake ndi laling'ono, nthawi yokhala popanda mizu ndi yochepa, ndipo kamafanana ndendende ndi make. Zimene tsamba lingakupatseni patatha chaka, kamwana kakupatsani m'miyezi itatu kapena inayi. Vuto lake n'loti chiwerengero sasankha ndi inu. Echeveria imbricata, yobiriwira motuwa imene imapezeka m'mayadi ambiri akale, ndi Echeveria elegans zimabereka mpaka kudzaza mphika. Mitundu ina, 'Perle von Nürnberg' yomwe ija, ingathe nthawi yaitali osatulutsa ngakhale kamodzi. China choyenera kusamala: pakati pa make ndi tiana m'pobisalira tizilombo toyera taubweya tija toyamwa madzi m'masamba. Mukaona nyerere zikukwera mphika, tukulani masamba a m'munsi muone. Kamwana kopatsidwa ndi mnzanu kayang'aneni bwino musanakaike pafupi ndi maluwa anu, ndipo mukatipeza titsukeni ndi kathonje konyowetsa mu spiriti.

Kudula mutu ambiri amakuopa, koma ndi njira imene anthu okhala m'mafulati ndi osunga maluwa m'maofesi amafunikira kuposa ina iliyonse. Echeveria ikasowa dzuwa imatalika kufunafuna kuwala: tsinde limaonda, masamba amatalikirana n'kuweramira pansi, mtundu umasuluka. Kuseri kwa windo la katani ndi zitsulo zotchingira akuba kuwala kumachepa kuposa mmene maso athu amaonera. Likatalika choncho silibwereranso, ngakhale mulitulutse panja. Mankhwala ake ndi lezala. Dulani tsinde masentimita awiri kapena atatu m'munsi mwa mutu, muchotse masamba angapo a m'munsi kuti kachitsinde kaoneke. Yang'anani podulapo: pakakhala poyera kapena pobiriwirira, zili bwino, pakakhala kadontho kakuda kapena kofiirira pakati, kuwola kwalowa, dulaninso m'mwamba mpaka mupeze poyera. Bala limeneli ndi lalikulu, ndiye lipatseni pafupifupi sabata kuti liume. Ambiri amangokhazika mutuwo pakamwa pa kapu yopanda kanthu, kachitsinde kakulendewera mkati, mpaka timizu tioneke.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti palibe chotayika. Mutu umakhala duwa lalikulu pakangotha mwezi umodzi kapena iwiri. Masamba munachotsa aja mumawagoneka m'thireyi. Chitsa chotsala mumphika, chimene ena amataya poganiza kuti chatha ntchito, chili ndi mizu yake yonse, ndipo mukachisiyira masamba awiri kapena atatu n'kuchitchinga ku mvula, chimaphukira tiana tingapo m'malo mmene munali masamba. Kwa mitundu yokana tsamba ndi yosabereka tiana, njira yodalirika ndi imeneyi. Ndi yomwenso imapulumutsa duwa limene layamba kuwolera pansi m'dzinja. Koma sichinthu chochita kawirikawiri, ndipo duwa lokhala bwino, lalifupi, lothinana masamba, sindingalidule mutu chifukwa chongofuna kuchulukitsa.

Za njere sindichedwapo. Ndi zazing'ono kwambiri, zimafuna chinyezi chosalekeza m'chidebe chovindikira mmene chuku chimakonda kumera, zimatenga zaka kuti zikule, ndipo za haibulidi sizifanana ndi kholo. Njere zotsatsidwa pa intaneti ndi zithunzi za maluwa a buluu wowala kapena amitundu ya utawaleza ndi chinyengo; echeveria yotero kulibe. Asiyireni a nazale ndi ofuna kupanga mitundu yatsopano.

Pali ena amene amaika tsamba kapena mutu pakamwa pa botolo la madzi kuti mizu ituluke msanga. Imatulukadi, koma mizu yozolowera chinyezi imavutika ikalowa m'dothi, ndiye zimene mwapindula poyamba mumazibweza pambuyo.

Njira iliyonse mwa izi imalephera ngati dothi silili bwino, ndipo apa m'pamene maluwa ambiri a mu Lusaka amafera. Dothi lofiira la m'yadi, kapena lakuda limene amabweretsa pa lole kuti mudzalire kapinga, limagwirana likanyowa n'kusunga madzi masiku ambiri. Theka la zosakaniza zanu likhale zinthu zokhakhala: mchenga wa kumtsinje wa njere zikuluzikulu, njerwa zootcha zoswa tizidutswa tonga chimanga, ndi zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa thumba, mutasefa fumbi. Theka linalo dothi lopepuka la manyowa owolerana bwino. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ndi fumbi la kukwale musaikemo, zimauma ngati simenti. Miyala yoswa ya ku Kalingalinga ndi yabwino kuyala pamwamba kuti masamba asagunde dothi lonyowa, koma mkati mwa dothi ine ndimakonda njerwa. Mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu, miyala yambiri yoswa ndi yomweyo, ndipo madzi a m'zitsime zobowola ali kale ndi laimu wambiri, uja amayeretsa ketulo mkati. Mukatha, sungani madzi a mvula m'dilamu, muzithirira amenewo, ndipo muzithira m'dothi osati pamtima pa duwa.

Mphika wadothi umapuma n'kuumitsa dothi msanga, ndiye ndi woyenera kamwana ndi mutu. Masamba amachita bwino m'thireyi yapulasitiki yosazama, chifukwa timizu tawo tili pamwamba ndipo m'mphika wadothi timauma mofulumira. Chidebe chilichonse chikhale chobowola pansi, ndipo chisakule kwambiri kuposa chomeracho. Pogwira ntchito yonseyi gwirani tsinde kapena kunsi kwa masamba. Kaufa kotuwa kamene kali pamasamba ndi phula loteteza ku dzuwa, ndipo chala chikapukuta sikabwereranso patsamba limenelo. Spiriti nayo imakachotsa, choncho muziithira pokhapo pali tizilombo.

Nthawi yake ndi imene imasiyanitsa njirazi kotheratu. Tiana mungapatule pafupifupi chaka chonse, malinga m'dzinja muli ndi khonde la denga. Kudula mutu kumafuna mpweya wouma: Epulo ndi Meyi mvula itangotha, kapena Ogasiti ndi Seputembala kukayamba kufunda. M'dzinja dulani pokhapokha ngati mukupulumutsa lowola, ndipo mutuwo muuumitsire m'nyumba pamalo popita mphepo. Juni ndi Julayi palibe chimawola, koma palibenso chimafulumira. Mizu imachedwa ndi kuzizira. Tsamba ndi limene lili ndi mpata wochepa kuposa zonse. Mukaligoneka mu Okutobala limapsa lisanaphuke, mukaligoneka mu Disembala limawola. Logonekedwa mu Epulo limapeza miyezi isanu yofatsa kutentha kusanafike, ndipo logonekedwa mu Ogasiti liyenera kukhala pamthunzi wowala, potchingika ku mphepo, kufikira mvula itadutsa. Zonse zatsopano zizilandira dzuwa la m'mawa lokha. La masana muzizizoloweza pang'onopang'ono zikagwira mizu.

Kwa amene muli ndi duwa limodzi lokha, losatalika, lomwe silinaberekebe, thotholani masamba atatu kapena anayi a m'munsi mu Epulo, mutu muusiye. Mukapita kogula lina, musasankhe lalikulu lokongola lili lokhalokha mumphika. Tukulani masamba a m'munsi, mugule limene labisa tiana.