Dedza kapena Karonga: ophunzira a ku Zomba apite kuti kukaona za makolo akale?

Aphunzitsi a mbiri yakale kuno ku Zomba akapeza ndalama za ulendo umodzi wokha, asankhe pakati pa Chongoni ndi Karonga.

Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira anasiya ndi Akafula, alenje amene analipo alimi asanafike. Zoyera n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali, kupempha mvula ndi nyau. Mwana akaima m'phanga la Chentcherere kapena Mphunzi amaona chojambula pamalo penipeni pamene mwini wake anaimirira, ndipo zimenezi n'zimene zimandigwira mtima. Njira ndi yodutsa pa Liwonde, Balaka ndi Ntcheu; mukalawirira, mubwerako tsiku lomwelo. Koma konzekani kukwera mapiri.

Karonga imatibweza kale kwambiri. Mu 1991, ku Uraha kunapezeka chibwano cha Homo rudolfensis, mtundu wa anthu akale kwambiri, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo m'mudzi wa Mwanganda, m'zaka za m'ma 1960, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anafukula zida zamiyala pamodzi ndi mafupa a njovu. Nyumba yosungira zakale ya kumeneko, yomwe inatsegulidwa mu 2004, imalongosola zonsezi mwadongosolo. Vuto ndi mtunda: galimoto, malo ogona ndi chakudya cha masiku angapo zimadya ndalama zambiri.

Ine ndingayambire ku Chongoni, makamaka ndi ana a Fomu 1. Karonga isungireni ophunzira a ku yunivesite ya Malawi kuno ku Chirunga, amene akufuna kuzama pa zida zamiyala.