Matimu a "Young": zomwe mnyamata wa kuno kum'mawa amapezako ndi zomwe sapezako

Makolo ambiri muno m'Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amasangalala mwana wawo akaitanidwa ku timu yaing'ono ya kalabu yaikulu, monga Young Green Eagles kapena Young Green Buffaloes. Chisangalalocho n'chomveka, koma timu yotere ndi ntchito imene kalabu ikupereka kwa mwana wanu, ndipo iyenera kuunikidwa musanamukweze basi ya pa Great East Road.

Ubwino wake waukulu ndi umodzi, ndipo ndi wolemera: mnyamata wa zaka 17 mpaka 21 amasewera mphindi 90 ndi amuna akuluakulu m'ligi ya mapointi. Mpira wa achinyamata okhaokha umabisa zofooka. Wothamanga kwambiri amangodutsa anzake n'kumwetsa, osaphunzira kuteteza mpira ndi thupi. Koma akakumana ndi wotchinga kumbuyo wa zaka 30 pabwalo louma, lokhala ndi mabampu, amaphunzira msanga kulandira mpira atayang'ana kale kopereka, kuimika phewa, ndi kudzuka akagwetsedwa. Mwana wa kwathu kuno, Fashion Sakala, atachoka ku Zanaco mu 2017 anasewera ku Spartak-2, timu yachiwiri ya Spartak Moscow, asanapite ku Oostende ndipo kenako ku Rangers. Patson Daka ndi Enock Mwepu nawonso anayamba ndi FC Liefering m'ligi yachiwiri ya ku Austria asanakhazikike ku Red Bull Salzburg. Pamenepa palibe chotsutsa, njirayi imakuza osewera.

Zovuta zimayamba pomwe timu yaikulu yatsitsa osewera ake. Wamkulu akachira kuvulala kapena akasowa malo m'timu yoyamba, makalabu ambiri amamutumiza kumunsi kuti apeze mphamvu, ndipo amene amakhala pabenchi ndi mnyamata uja wachokera kutali. Akakhala miyezi itatu osasewera, mpweya umatha, kulimba mtima kumathanso, ndipo akalowa mphindi khumi zomaliza amachita mantha ndi mpira. Choncho funso loyamba kwa kochi lisakhale la alawansi. Mufunseni kuti pamalo amene mwana wanu amasewera pali anthu angati. Akakhala awiri, ndi bwino. Akakhala anayi, mwanayo angapindule kwambiri kusewera sabata iliyonse pa David Kaunda Stadium m'ligi ya chigawo kusiyana ndi kunyamula mabotolo a madzi ku Lusaka.

Vuto lina ndi kusowa kwa njala ya chipambano. Ku Spain ndi ku Germany timu yachiwiri siloledwa kukhala m'ligi imodzi ndi timu yake yaikulu. Bayern Munich II inatenga ligi yachitatu ya ku Germany mu 2020 koma sinakwere, poti kumeneko timu yachiwiri siloledwa kupitirira ligi yachitatu. Kumene kulibe kukwera, kochi amatha kusintha anyamata pamasewero alionse osasamala zotsatira, ndipo timu sigwirana.

Mapepala ndiye amene amapweteka mabanja ambiri, ndipo apa tifatse. Malamulo a FIFA salola wosewera wosakwana zaka 18 kusaina kontrakiti yopitirira zaka zitatu. M'chaka chimodzi cha mpira angalembetsedwe ku makalabu atatu, koma asewere masewero a ligi ndi makapu m'makalabu awiri okha, ndiye kusamukasamuka kungamukhazike pansi. Onetsetsani kuti timu ya kwanu imene inamulera inamulembetsa ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, chifukwa ndalama za kulera wosewera zimawerengedwa kuyambira ali ndi zaka 12, ndipo akadzagulitsidwa kunja ali pa kontrakiti, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa makalabu omwe anamuphunzitsa. Popanda dzina lake m'kaundula, timu ya ku Kapata kapena ku Mchini imene inamugulira jombo zoyamba sipeza ngakhale ngwee. Funsaninso ngati akulembetsedwa m'dzina la timu yaing'ono kapena yaikulu, ndiponso nthawi imene angakwezedwe, poti akalembetsedwa padera nthawi zambiri amadikira nyengo imene osewera amaloledwa kusintha matimu.

Amene akuyang'ana ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, adziwe kuti wosakwana zaka 18 saloledwa kusamukira ku kalabu ya dziko lina. Pali mpata kwa wokhala pafupi ndi malire, koma nyumba yake ndi kalabuyo zonse ziyenera kukhala mkati mwa makilomita 50 kuchokera pamalirewo, ndipo Lilongwe ili kutali kuposa pamenepo.

Zogona, chakudya ndi chithandizo akavulala zilembedwe m'kontrakiti, osati zolonjezana pakamwa. Mnyamata wochita masewera olimbitsa thupi kawiri patsiku sangalimbe ndi nsima ya kamodzi, ndipo bondo likathyoka muyenera kudziwa kale amene alipire chipatala. Ngati akadali pasukulu, kalabu itchule sukulu imene akamalizire Giredi 12 mwanayo asananyamuke pakhomo.