Katepi kapena BIOS: njira ziwiri zothamangitsira Q6600 kuno ku Mzuzu

Ife okonda makompyuta akale tikakumana, sipalephera wina kutchula purosesa ya Celeron 300A ya mu 1998, ija inkachoka pa 300 MHz n'kufika pa 450 ikakhala pa bodi (motherboard) ya Abit BH6. Koma imeneyo kuno mungaipeze kuti? Zimene zimapezeka kwa okonza makompyuta m'tauni muno ndi makina a soketi (polowa purosesa pa bodi) ya LGA 775 amene anatsika m'maofesi. Ndiye tiyeni tikambe za mmene tingakwezere liwiro la purosesa ya Core 2 Quad Q6600 ya mu 2007.

Liwiro lake la 2.4 GHz limachokera pa 266 MHz kuchulukitsa ndi 9. Nambala 9 ija njokhoma, siikwera. Chimene timakankha ndi 266, liwiro la FSB (njira yolumikiza purosesa ndi bodi), ndipo ikafika pa 333 purosesa imathamanga 3.0 GHz.

Njira ya katepi ndi ya makina a mu ofesi, amene BIOS yake (pulogalamu ya mu bodi yoyatsira makina) siilola kusintha liwiro. Mumazula purosesa, n'kuitembenuza, n'kumata kachidutswa ka tepi ya magetsi pa kadontho kamodzi ka golide kumimba kwake. Bodi imapusitsika, imayesa kuti mwaika purosesa ya 333. Kanga ndinakadula ndi lezala usiku wina ku Chibavi, tochi ili kukamwa, kachidutswa kochepa kuposa njere ya mpunga. Kawiri konse kanakwirira dontho loyandikana nalo ndipo makina sanayake. Kachitatu CPU-Z, pulogalamu yoonetsa liwiro la purosesa, inaonetsa 3.0 GHz, mtima unangoti phee. Chenjerani: bodi iyenera kukhala yolandira FSB ya 1333, imene ndi 333 ija kuchulukitsa ndi 4. Kompyuta ya Dell OptiPlex 755 imalandira, 745 ayi. Komanso katepi kamakudumphitsani kamodzi basi. Mphamvu ya magetsi opita ku purosesa simungaionjezere mu BIOS, ndiye ikakana 3.0 GHz mwagwira njakata.

Njira ya BIOS imafuna bodi yonga Asus P5Q kapena Gigabyte GA-EP45-UD3P, za chipset ya P45. Apa ndiye pali kukoma kwenikweni: mumakweza pang'onopang'ono, 300, 320, 350, n'kuyesa ndi Prime95 (pulogalamu yopanikiza purosesa kuti muone ngati ikupirira), n'kuonjezera magetsi pang'ono makina akayamba kuzima okha. Muyeneranso kukumbukira RAM, chifukwa imakwera limodzi ndi FSB mukapanda kuitsitsa, pamene pa katepi bodi imadzikonzera yokha. Vuto n'lakuti mabodi otere ngosowa kuno, ndipo imodzi imene ndinaipeza inali ndi makapasita awiri otupa pamutu ngati mandasi.

Kwa woyamba kumene, ine ndikuti katepi. Ndalama yake ndi ya tepi ndi pesiti yatsopano yopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira, ndipo zikavuta mumangomatula. Mukamagula, werengani pamsana pa purosesa: yolembedwa SLACR, imene ndi mtundu wa G0, imadya 95 W pamene yakale ya mtundu wa B3 imadya 105 W, motero ya G0 siitentha kwambiri.

Musakhutire ndi mayeso a mu Juni, pamene chifunga chakuta Katoto ndipo m'nyumba mukuzizira. Yanga inkapirira Prime95 usiku wonse nthawi imeneyo, koma pofika Okutobala inayamba kuzima masana, mpaka ndinachotsa fumbi lonse mu fani n'kupakanso pesiti.