ROBOT, OAK ndi Jena patapita miyezi: chomwe chapirira pa kaundula wa mpunga ndi nsomba ku Nkhotakota

Ndemanga yoyamba ya zipangizo za pa kompyuta zitatuzi, ROBOT, OAK ndi Jena, inalembedwa zitangoikidwa kumene pa kompyuta, ndipo inaziyamikira zonse mofanana. Tsopano zagwira ntchito kuyambira nthawi yofesa mpunga mpaka yokolola, ndiye maganizo aja asintha. Ntchito yake ndi yosunga kaundula wa mpunga wa ku Bua, chinangwa cha m'mbali mwa nyanja ndi nsomba za ku Chia, chilichonse chitalumikizidwa ku nambala yake ya mu ontology (mndandanda wa mayina a zinthu ndi maubale ake, chilichonse chili ndi nambala yakeyake), kuti munthu akafunsa za nsomba zonse za gulu la Oreochromis azipeze zonse, kaya wolemba uja anazitchula dzina lanji. Makina ake ndi laputopu ya Ubuntu ya RAM ya 8 GB, intaneti ndi ya bandulo ya pafoni.

Chomwe chimatsegulidwa tsiku ndi tsiku ndi Ontology Access Kit, OAK mwachidule. Mumaiika ndi pip install oaklib, ndipo lamulo lake ndi runoak. Mukalemba runoak -i sqlite:obo:envo search lake, imadawuniloda ENVO, ontology ya malo achilengedwe, yomangidwa kale ngati fayilo imodzi ya SQLite, n'kuisunga mu foda ya ~/.data/oaklib. Kuchokera pamenepo, malamulo a info, ancestors (makolo a chinthu), descendants (ana ake) ndi tree amayenda popanda netiweki. Palibe seva yoti muziiyang'anira, ndipo magetsi akathima muli pakati powerenga, fayilo siwonongeka. Chinthu chimodzi musachiiwale: pa ancestors ndi descendants muziwonjezera -p i,p, kutanthauza kuti itsate rdfs:subClassOf (kukhala mtundu wa chinthu china) ndi BFO:0000050 (kukhala gawo la chinthu china) basi. Mukasiya, imatsata maubale onse amene ali mu ontology, ndipo mu ENVO mumalandira mndandanda wautali wa zinthu zimene simunafunse.

Mphamvu yeniyeni ili mkati mwa fayilo ya SQLite ija (.db), ndipo ndemanga yoyamba sinaione bwino. Muli tebulo la statements, losunga mfundo iliyonse ya ontology pa mzere wakewake, ndi tebulo la entailed_edge, losunga maubale onse atawerengeredwa kale, kuyambira kholo lapafupi mpaka la kumtunda kwenikweni. Ndiye simufunikanso kulemba funso la SQL lodzibwereza lokha kuti mukwere makwerero. Tsegulani kaundula wanu ndi sqlite3, mulumikize ontology ndi ATTACH 'envo.db' AS envo, kenako mufunse motere (zolemba ndi tebulo la kaundula wanu, malo ndi nambala ya ENVO ya pa mzere uliwonse):

SELECT z.* FROM zolemba z JOIN envo.entailed_edge e ON z.malo = e.subject WHERE e.predicate = 'rdfs:subClassOf' AND e.object = 'ENVO:00000020';

ENVO:00000020 ndi nyanja, ENVO:00000022 ndi mtsinje. Funso limodzi lomweli, mutangosintha nambala, limasiyanitsa usipa wogwidwa panyanja ndi mpasa wogwidwa mu Bua. Yankho limabwera nthawi yomweyo, ndipo aliyense amene anaphunzirapo SQL pang'ono atha kuliwerenga. Apa ndi pamene OAK ndi SQLite zapambanira zinzake.

Vuto lake lili pa bandulo. OAK imadawunilodanso fayilo imene yakhala pafupifupi mwezi wathunthu, osakufunsani. Kwa ENVO zimapiririka, koma NCBITaxon, ontology ya mitundu ya zamoyo, ili ndi magulu a zamoyo oposa 2 miliyoni ndipo database yake ndi ya ma GB angapo. Ikayamba kudzidawuniloda yokha pa netiweki ya pafoni, bandulo ya mwezi imatha tsiku limenelo. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba, muziika --caching no-refresh pa lamulo. Yachiwiri, yomwe ndi yabwino koposa, koperani fayilo ya .db mu foda ya ntchito yanu, muilembe deti pa dzina, muziitchula mwachindunji ndi -i. Fayilo yomweyo mutha kuipereka kwa mnzanu wa ku Dwangwa pa fulashi, nonse n'kumagwiritsa ntchito mtundu umodzi wa ontology.

ROBOT siyowerengera tsiku lililonse ayi, ndi yomangira, ndipo pa ntchito imeneyo palibe yoilowa m'malo. Mayina a kwathu kuno amalowa kudzera mu robot template: tebulo limene mzere woyamba uli ndi mitu yowerenga anthu, wachiwiri uli ndi malangizo a ROBOT monga ID (nambala), LABEL (dzina) ndi SC % (kholo), ndipo zinthu zenizeni zimayambira pa mzere wachitatu. Apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Dzina loti chambo silikutanthauza nsomba ya mtundu umodzi. Asodzi amatchula motero Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mukaika chambo ngati LABEL ya zitatu zonsezi, robot report, yofufuza zolakwika, imakana ndi ERROR ya duplicate_label, ndipo ikukana molondola. Kuliika ngati oboInOwl:hasExactSynonym (dzina lofanana ndendende) n'kunamanso, chifukwa kafukufuku wa mtsogolo adzayesa kuti chambo aliyense wolembedwa padoko ndi mtundu umodzi wodziwika. Liikeni ngati oboInOwl:hasBroadSynonym (dzina la gulu lokulirapo), ndi chizindikiro cha chiyankhulo cha Chichewa @ny, ndipo zolemba zimene sizinatchule mtundu muzilumikize ku gulu lonse la Oreochromis. Tebulolo muzilisunga mu UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ chimatayika panjira.

ROBOT imanyamula ontology yonse mu RAM. Ikafa ndi OutOfMemoryError, ikani ROBOT_JAVA_ARGS=-Xmx6G; pa makina a 8 GB musapitirire pamenepo, chifukwa kompyuta imayamba kukwawa. NCBITaxon yathunthu siikwana ngakhale mutatero. Kadulireni pa makina aakulu ndi robot extract --method BOT --term-file, fayilo ya nambala itakhala ndi zomwe mukufunadi, monga NCBITaxon:4530 ya mpunga, NCBITaxon:3983 ya chinangwa ndi NCBITaxon:4577 ya chimanga. Chodulidwacho ndi kafayilo kakang'ono kotumizika pa WhatsApp. Pa robot reason, lamulo lowerengera maubale, mumasankha pulogalamu yoti iwerengere, monga ELK kapena HermiT. ELK ndi yachangu koma imadumpha mfundo zimene zili kunja kwa OWL EL (gawo lopepuka la OWL, chiyankhulo cholembera ontology), monga za only. HermiT imaziona zonse koma imachedwa, choncho muziiyendetsa pa kachidutswa kodulidwa kale.

Kuti ontology yanuyanu ilowe mu SQLite, pamafunika semsql make, yomwe imadalira rdftab ndi relation-graph. Kuika zimenezi pamanja n'kotopetsa. Zonse zili mu Docker (phukusi la mapulogalamu oikidwa kale) ya Ontology Development Kit (ODK), koma nayo ndi ya ma GB angapo, ndiye muidawunilode kamodzi pamalo a intaneti yabwino. Fayilo yolowetsa ikhale ya RDF/XML. Ngati prefix yanu (chidule choyambira nambala, monga ENVO) mulibe mu tebulo la prefix, nambala zanu zimalowa ngati IRI, adiresi yaitali yonga ya pa intaneti, ndipo JOIN ija imabweza mizere ziro popanda kudandaula chilichonse. Ndi vuto lopweteka chifukwa silioneka: munthu amangoganiza kuti data palibe. Mukangomanga, yesani SELECT count(*) FROM entailed_edge, ndipo muone mizere ingapo ya statements ndi maso.

Choopsa kwambiri pa miyezi yonseyi si pulogalamu koma dzanja la munthu. N'kosavuta kutsegula .db, kukonza kholo la chinthu chimodzi mu statements, n'kutseka. Koma entailed_edge siidzikonza yokha. Imatsala ndi ubale wakale, ndipo matebulo awiri amayamba kutsutsana mwakachetechete. Kuwonjezera apo, mukadzamanganso database, zokonza zija zimafufutika. Database ili ngati ufa, pomwe template ndi fayilo ya OWL ndiye chimanga cha m'nkhokwe: chokonza chilichonse chichitikire ku template, isungidwe mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha), kenako mumangenso.

Apache Jena yagwiritsidwa ntchito mochepa kuposa momwe zinkayembekezeredwa. Ndi yoyenera pamene anthu angapo akufuna kufunsa ndi chiyankhulo cha mafunso cha SPARQL nthawi imodzi kudzera pa Fuseki, seva ya Jena, pa port 3030. Jena 5 imafuna Java 17. TDB2, database ya Jena, imalola pulogalamu imodzi yokha kutsegula foda yake, ndiye tdb2.tdbquery imakanidwa ndi loko ngati Fuseki ili yoyaka. Foda imakulirakulira pakusintha kulikonse, ngakhale mukufufuta, mpaka mutayendetsa tdb2.tdbcompact ndi --deleteOld. Musaipatse Java RAM yonse, chifukwa TDB2 imadalira RAM yotsala kunja kwa Java posunga mafayilo ake pafupi. Magetsi akathima tdb2.tdbloader ili pakati, fufutani foda yonse muyambirenso, ndipo muyese kaye fayilo ndi riot --validate musanayambe. Kwa ofesi ya anthu awiri kapena atatu, zonsezi n'zolemetsa kuposa phindu lake.

Tsiku losintha ontology kupita ku mtundu watsopano lisakhale la mwangozi. Musanataye fayilo yakale, yendetsani robot diff --left yakale --right yatsopano, kenako runoak obsoletes pa database yatsopano, mufananize ndi nambala zimene zili mu kaundula wanu. Nambala yopumitsidwa siichotsedwa mu ontology, imangoikidwa chizindikiro cha owl:deprecated n'kuchotsedwa pansi pa makolo ake, choncho zolemba zolumikizidwa kwa iyo zimasowa mu mayankho a entailed_edge ngakhale zilipo ndithu. Zina zimakhala ndi IAO:0100001 yoloza nambala yolowa m'malo, ndipo zimenezo mutha kuzisintha ndi UPDATE imodzi mu tebulo la zolemba. Zopanda cholozera zimafuna munthu wodziwa mbewuyo kapena nsombayo kuti asankhe pamanja.